Fakitale ya Nsalu ndi Shopu ya Maswiti: Bizinesi Yabwino Imadziwika Bwanji?

Ana inu, lero tiyambe ndi kusankha. Pali mabizinesi awiri, ndipo mwauzidwa kuti mutengepo imodzi ikhale yanu. Yoyamba ndi fakitale yowomba nsalu: nyumba zikuluzikulu za njerwa, makina ambirimbiri akuphokosera, antchito akulowa ndi kutuluka ngati nyerere. Yachiwiri ndi kampani yophika chokoleti ndi maswiti n'kumagulitsa m'timashopu. Mutenga iti?

Ndikudziwa kuti ena mwaloza kale maswiti chifukwa cha m'kamwa. Koma akuluakulu ambiri angathamangire fakitale, poganiza kuti chachikulu ndiye chandalama. Bambo wina wa ku America, dzina lake Warren Buffett, anagula zonse ziwiri. Fakitale ija inamuwawitsa mutu zaka 20 mpaka anaitseka. Maswiti aja anamubweretsera ndalama zoposa madola 1 biliyoni, ndipo akugulitsidwabe mpaka lero. Kuti timvetse chimene chinachitika, tiyenera kudziwa kaye chimene bamboyu ankagula.

Kodi sheya n'chiyani?

Tinene kuti amalume anu akufuna kutsegula chigayo pamudzi. Makina, nyumba ndi kukoketsa magetsi, zonse pamodzi zikufuna K10 miliyoni, koma iwo m'thumba muli K6 miliyoni yokha. Atha kukakongola kubanki. Athanso kuchita china: kuudula umwini wa chigayocho m'magawo 100, lililonse la K100,000. Iwo atenge magawo 60, otsala 40 agulitse kwa achibale ndi anansi. Aliyense wogula gawo wasanduka mwini chigayo, ngakhale ndi pang'ono pokha. Chaka chikatha, magetsi atalipiridwa, mnyamata wapachigayo atalandira zake, malamba ndi masefa otha atasinthidwa, phindu lotsala ligawidwa potsata magawo aja. Wa magawo awiri alandira kuwirikiza kawiri wa gawo limodzi. Chigayo chikagwa, onse agwa nacho.

Gawo lotere ndiye sheya. Makampani akuluakulu amadula umwini wawo m'masheya mamiliyoni, ndipo anthu amagulitsana masheyawo pamsika wapadera. Kwathu kuno msikawu uli ku Blantyre, umatchedwa Malawi Stock Exchange, ndipo kampani yoyamba kugulitsapo masheya inali NICO, m'chaka cha 1996. Lero pali mayina amene mumawadziwa bwino, monga Illovo, TNM, Airtel, National Bank ndi Sunbird.

Mitengo ya masheya imakwera ndi kutsika, ndipo pali anthu amene amangokhalira kuiyang'ana, lero kusekerera, mawa kudandaula. Wogula wodekha sayambira pamenepo. Amayamba wafunsa za chigayo chenichenicho: chikugaya? Anthu akubwera ndi matumba? Zaka khumi zikubwerazi adzakhala akubwerabe?

Mnyamata wa mabotolo asanu ndi limodzi

Warren Buffett anabadwa mu 1930 mumzinda wa Omaha, ku Nebraska. Ali wamng'ono ngati inu, ankagula mabotolo asanu ndi limodzi a Coca-Cola pa masenti 25 kugolosale ya agogo ake, n'kumagulitsa botolo lililonse masenti 5. Werengetsani nokha phindu lake. Masheya ake oyamba anagula ali ndi zaka 11.

Atakula anakaphunzira ku Columbia University mumzinda wa New York, kumene anakumana ndi mphunzitsi wotchuka, Benjamin Graham. Graham ankaphunzitsa kusakasaka makampani otchipa mopitirira muyeso, amene masheya ake onse pamodzi anali otsika mtengo kuposa katundu amene kampaniyo inali naye. Kampani ikhale yodwala, ikhale yotsimphina, bola mtengo ukhale wa pansi. Njirayi inamupindulira Buffett kwa zaka zingapo. Ndiyonso inamukokera ku fakitale ya nsalu.

Nsalu imene palibe ankaifunsa dzina

Kampaniyo inali Berkshire Hathaway, ya mumzinda wa New Bedford ku Massachusetts. Mwa nsalu zake munali ija yoterera imene imasokedwa m'kati mwa jekete la suti. Buffett anayamba kugula masheya ake mu 1962 chifukwa anali otchipa, ndipo cholinga chake chinali kudzagulitsa mtengo ukakwerako.

Apa pali nkhani yoseketsa. Mu 1964 mkulu wa kampaniyo, Seabury Stanton, anagwirizana ndi Buffett pakamwa kuti amugula masheya ake pa madola 11.50 iliyonse. Kalata itabwera, mtengo wolembedwamo unali madola 11.375. Anamudyerapo masenti 12 ndi theka pa sheya iliyonse. Buffett anapsa mtima. M'malo mogulitsa, anagula masheya ena ambiri mpaka mu 1965 ulamuliro wa kampani unakhala m'manja mwake, Stanton n'kuchoka. Mkwiyo unaphwa, koma tsopano anali mwini wa fakitale yodwala. Patapita zaka zambiri iye mwini ananena poyera kuti pa masheya onse amene anagulapo, awa ndiwo anagula mopusa kwambiri.

Chinavuta n'chiyani? Antchito sanali aulesi, ndipo amene Buffett anawaika kuti ayendetse fakitale anali anthu akhama. Vuto linali nsalu yeniyeniyo. Munaonapo bambo akulowa m'shopu n'kunena kuti, "Ndikufuna suti, koma nsalu yam'kati ikhale ya fakitale yakutiyakuti"? Palibe. Osoka masuti ankangofunsa mtengo. Fakitale ina ikatsitsa ndi senti imodzi yokha, onse ankakhamukira kumeneko. Ndipo mafakitale otchipa analipo ambiri, kum'mwera kwa America komanso m'mayiko ena kumene antchito ankalipidwa zochepa. Berkshire ikanangoyerekeza kukweza mtengo, ikanatsala ndi nsalu zake m'nyumba yosungira katundu.

Tsono mvetserani bwino msampha wake. Kuti nsalu ituluke motchipa, pankafunika makina atsopano, okwera mtengo. Ukawagula, zinthu zinkaoneka ngati zayamba kuyenda. Koma opikisana nawo nawonso ankagula makina omwewo, onse n'kutsitsa mitengo, phindu n'kubwerera pomwe linali. Ndalama zapita, phindu osasuntha. Ukakana kugula makina, anzako akusiya m'mbuyo. Uku moto, uku madzi.

Mu 1985 Buffett anatseka ntchito ya nsalu, makina n'kuikidwa pamalonda. Makina ena owombera nsalu amene anagulidwa pa madola 5,000 alionse mu 1981 anasowa wowagula ngakhale pa madola 50. Pamapeto pake anapita ngati zitsulo zakutha, pa madola 26 okha. Taonani: chinthu chimene m'mabuku a kampani chinkawerengedwa ngati chuma chambiri, tsiku logulitsa chinasanduka chiphakasa. N'chifukwa chake kuwerenga nyumba ndi makina kokha sikumuuza munthu ngati bizinesi ili yabwino.

Bokosi la chokoleti

Buffett anali ndi mnzake wapamtima, Charlie Munger, munthu wolankhula mosapsatira, amene anamwalira mu 2023 ali ndi zaka 99. Munger ankamuuza kawirikawiri kuti asiye kutola zinthu zodwala chifukwa chotchipa, ndipo ayambe kugula mabizinesi athanzi ngakhale atalipirako zambiri.

Mu 1972 Buffett anagula See's Candies. Kampaniyi inayamba mu 1921 ku Los Angeles, pamene Charles See anatsegula shopu yogulitsa maswiti ophikidwa potsata njira za mayi ake, Mary See. Nkhope ya gogoyu, wa imvi ndi magalasi, ili pabokosi mpaka lero. Mashopu ake ndi a mitundu iwiri yokha, yoyera ndi yakuda, ndipo aliyense wolowa amapatsidwa chokoleti chimodzi chaulere kuti alawe. Eni ake ankafuna madola 30 miliyoni. Buffett anakanirira pa 25 miliyoni, ndipo mwamwayi wake iwo anavomera. Akanakana, bwenzi atataya bizinesi yamtengo wapatali chifukwa cha kuumira.

Kwa wophunzira wa Graham, madola 25 miliyoni zinali ndalama zowawa kutulutsa, pakuti mpamba wonse woyendetsera See's unali madola 8 miliyoni okha. Ankalipira kuwirikiza katatu! Nanga ndalama zapamwambazo ankagulira chiyani?

Tiyeni tiwerengetse, chifukwa apa ndiye pagona nkhani. Pa mpamba wa madola 8 miliyoni, See's inkapeza phindu lochepera pang'ono madola 5 miliyoni pachaka, msonkho usanachotsedwe. Ndiye kuti madola 100 alionse oikidwa m'bizinesiyo ankabala pafupifupi madola 60 chaka chilichonse. Mabizinesi ambiri akabala 15 kapena 20 pa 100 amaombera m'manja. Funso loyamba la wogula masheya wanzeru ndi limeneli: kuti phindu ili lituluke, panalowa mpamba wochuluka bwanji? Phindu la K1 miliyoni ndi lalikulu ngati munaikapo K2 miliyoni. Phindu lomwelo ndi lomvetsa chisoni ngati munaikapo K100 miliyoni, pakuti kubanki kokha ndalamazo zikanakuberekerani zoposa pamenepo muli gone.

Tsopano tidumphe zaka 35, tifike mu 2007. Chokoleti chimene See's inkagulitsa pachaka chinali chitangowonjezeka pafupifupi kawiri, kuchoka pa makilogalamu ngati 7 miliyoni kufika ngati 14 miliyoni. Pa zaka zonsezo, kukula kumeneku n'kwa pang'onopang'ono zedi. Koma ndalama zolowa zinachoka pa madola 30 miliyoni kufika 383 miliyoni, ndipo phindu la pachaka linafika madola 82 miliyoni. Katundu wawonjezeka kawiri, ndalama zawonjezeka koposa kakhumi ndi kawiri. Zatheka bwanji? Chaka ndi chaka, Khirisimasi ikangodutsa, See's inkakweza mitengo, ndipo makasitomala ankabwerabe.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva mukaganizira za amene amagula. Anthu ambiri sagula bokosi la See's kuti adye okha. Amagulira mphatso: ya amayi pa Khirisimasi, ya wokondedwa pa tsiku la Valentine. Mnyamata wa ku California amene anakula akuona agogo ake akutsegula bokosi loyera lija, tsiku lopita kwa bwenzi lake sangaime m'shopu n'kumasaka chokoleti chotchipa kuti apulumutse masenti. Akafika nacho akanena chiyani? Kuti, "Ndakugulira chotsika mtengo"? Choncho mtengo ukakwera pang'ono, amangodandaula chamumtima, n'kulipira. Nsalu ya Berkshire inalibe woikonda. Bokosi la See's linali ndi malo m'mitima ya anthu. Ndalama zapamwamba zija zinagula malo amenewo, ngakhale kuti sankaoneka m'mabuku a kampani.

Chinanso chokoma: See's sinali yadyera. Pa zaka 35 zonsezo inangofuna madola 32 miliyoni owonjezera pa mpamba wake, pamene phindu lonse pamodzi linakwana madola 1.35 biliyoni. Makasitomala ankalipira pompopompo, panalibe za "ndidzapereka mwezi ukatha". Chokoleti sichinkakhalitsa pashelefu. Maphikidwe sankasintha chaka chilichonse kuti pafunike makina achilendo. Ndalama zotsalazo Buffett ankazitenga n'kukagula mabizinesi ena. Mu 1988 anayamba kugula masheya a Coca-Cola, chakumwa chomwe ankayenda nacho ali mwana, ndipo wanenapo kuti phunziro la See's ndilo linamutsegula maso pa mphamvu ya dzina limene anthu amalikonda. Dzina loti Berkshire Hathaway analisunga, koma lero ndi la kampani yaikulu yokhala ndi mabizinesi a inshulansi, sitima zapamtunda, magetsi ndi zina zambiri. Fakitale ya nsalu ija mulibemo.

N'chiyani chikuletsa ena kulanda malonda?

Paliponse pamene pali phindu lochuluka, anthu amaona, ndipo amabwera. Tibwerere kuchigayo cha amalume. Ngati chili chokha m'dera lonse, chinzake chili ulendo wa tsiku lathunthu, amalume agona tulo tabwino. Koma phindu likamveka, wina atsegula chake kutsidya kwa msewu, wina kuseri kwa tchalitchi. Zikafika zinayi, onse ayamba kutsitsa mtengo wa ndowa, ndipo amayi adzapita kumene kuli kotchipa, pakuti ufa ndi ufa. Chigayo cha amalume chasanduka fakitale ya nsalu ija.

Ndiye wogula masheya amafunsa kuti: n'chiyani chikutchinga ena kuti asalowerere? Kwa See's ndi Coca-Cola ndi dzina. Kwa ena ndi kukula: amene amapanga katundu wochuluka zedi amamupanga motchipa moti wamng'ono sangafikepo. Kwa ena ndi kuvuta koyamba. Kuti munthu ayambitse kampani ya mafoni ayenera kupeza chilolezo cha boma ndi kumanga nsanja m'dziko lonse. Si ntchito yoyamba ndi ndalama za m'thumba. Kwa enanso n'chakuti kasitomala amachita ulesi kusamuka. Funsani bambo kapena mayi anu kuti akhala zaka zingati ndi banki imodzimodzi, ndiponso ngati angakonde kusintha nambala yawo ya foni imene abale onse amaidziwa.

Pano ndiikepo mawu anga. Bizinesi yokomera eni masheya sikuti nthawi zonse imakomeranso ogula. Chigayo chikakhala chokha, amalume amasangalala, koma agogo onyamula chimanga pamutu ndiwo amalira mtengo ukakwera. Kukondedwa chifukwa chophika bwino n'kosiyana ndi kufinya anthu chifukwa alibe kolowera. N'chifukwa chake mayiko amakhala ndi mabungwe oyang'anira kuti malonda azichitika mwachilungamo. Kwathu kuno ndi Competition and Fair Trading Commission. Ine ndimakhulupirira kwambiri kampani imene makasitomala amabwererako mwa kufuna kwawo, kusiyana ndi imene amapitako akung'ung'udza. Ong'ung'udzawo, tsiku limene khomo lina lidzatseguke, adzatuluka onse nthawi imodzi.

Zolimba nazo zimagwa

Funsani agogo anu mmene kujambulitsa kunkakhalira kale. Wojambula ankafika ndi kamera yake pakhosi, inu mutavala zapatchalitchi, mutadzola mafuta mpaka chipumi kuwala. Akajambula, chithunzi simunkachiona tsiku lomwelo. Munkadikira kuti filimu idzaze, apite nayo kutauni akatsukitse, ndiyeno abwere ndi envelopu. Mwina n'kupeza kuti munatsinzina.

Mafilimu ambiri padziko lapansi nthawi imeneyo anali a Kodak, kampani ya mumzinda wa Rochester ku America. Inali ndi zonse zimene tatchulazi: dzina lodziwika kulikonse, phindu lalikulu pa filimu iliyonse, ndi makasitomala obwera mobwerezabwereza, pakuti filimu ikatha umagula ina. Chodabwitsa n'chakuti mu 1975 injiniya wa Kodak yemweyo, Steven Sasson, anapanga kamera yosafuna filimu, kholo la makamera amene ali m'mafoni lero. Koma kampani yodyera filimu ikanathamangira bwanji chinthu chodzapha filimu? Inayenda mozengereza, ena anaipitirira, kenako mafoni anamaliza zonse. Mu 2012 Kodak inapita kukhoti kukapempha chitetezo chifukwa cholephera kubweza ngongole.

Manambala a zaka zapitazo, ngakhale akongole bwanji, amanena za dzulo. Wogula masheya ayenera kudzifunsa ngati anthu adzafunabe katunduyu inu mukadzakula. Pa chokoleti ndi shuga yankho silivuta kwenikweni. Pa zipangizo zamakono limavuta, ndipo Buffett kwa zaka zambiri ankazipewa, akunena kuti saika ndalama pa chinthu chimene sakuchimvetsa. Si manyazi kunena kuti, "Izi sindikuzimva, ndidutse."

Chikomekome cha mkuyu

Zonse tawerengetsazi zimadalira chinthu chimodzi: kuti manambala amene kampani yalemba ndi oona. Ku Houston, ku Texas, kunali kampani ya zamagetsi ndi gasi yotchedwa Enron. Inkatamandidwa m'magazini, ndipo m'chaka cha 2000 sheya yake imodzi inafika pafupifupi madola 90. Koma m'kati munali nyerere. Akuluakulu ake ankabisa ngongole m'timakampani tina tapambali, n'kumalemba phindu limene linali lisanalowe. Zitaululika, sheya ija inatsika mpaka pansi pa dola imodzi, ndipo mu Disembala 2001 kampani inagwa. Anthu zikwizikwi anataya ntchito pamodzi ndi ndalama zimene ankasungira ukalamba. Akuluakulu ena anamangidwa. Ngakhale Arthur Andersen, kampani yaikulu imene inkayendera mabuku a Enron n'kumavomereza kuti ali bwino, inathera pomwepo.

N'chifukwa chake odziwa sakhutira ndi mzere wa phindu. Amayang'ana ngati ndalama zenizeni zikulowa, chifukwa phindu la papepala silingalipire antchito. Amayang'ana kukula kwa ngongole, pakuti chaka chikavuta, banki siimva zoti malonda sanayende. Imafuna zake ndi chiwongoladzanja chomwe. Amayang'ananso khalidwe la oyendetsa kampani. Kodi zimene analonjeza chaka chatha anachita? Zinthu zikalakwika, amanena poyera, kapena chaka chilichonse amapeza wina womuloza chala? Lipoti limene munthu wophunzira bwino waliwerenga kawiri koma osamvabe kumene ndalama zikuchokera, nalonso likunena kanthu.

Yabwino, koma pa mtengo wanji?

Mwapeza kampani yokondedwa, yosadya mpamba, ya ngongole zochepa, yoyendetsedwa ndi anthu oona mtima. Mugule basi? Dikirani kaye. Ena nawonso aiona, ndipo mwina akweza kale mtengo mpaka kumwamba.

Nayi njira yachidule yoyezera. Ngati sheya ikugulitsidwa K100, ndipo phindu la kampani likagawidwa pa masheya onse sheya iliyonse ikupeza K10 pachaka, pafunika zaka 10 za phindu lotero kuti mtengo munalipira ubwerere. Sheya yomweyo mukaigula pa K500, pafunika zaka 50, pokhapokha phindu litakula mofulumira. Kampani ndi yomweyo, katundu ndi yemweyo, koma wogula pa K100 ndi wogula pa K500 sali m'bwato limodzi. Kumbukirani kuti ngakhale pa See's, Buffett anachita kukanganirana mtengo. Mafunso ndi awiri, ndipo amayenda motsatana: kodi bizinesiyi ndi yabwino? Ikakhala yabwino, kodi mtengo wake ndi woyenera? Pa fakitale ya nsalu, Buffett anayankha lachiwiri lokha.

Tsegulani nyuzipepala

Simufunika kupita ku America kuti muyesere zimenezi, ndiponso simufunika ndalama. Kugula masheya enieni ndi nkhani ya akuluakulu, yodzera kwa makampani ovomerezeka ochita malonda pamsika uja. Koma kufufuza ndi kwaulere. Makampani amene ali pa Malawi Stock Exchange amasindikiza zotsatira za chuma chawo m'manyuzipepala monga The Nation ndi The Daily Times. Ndi masamba aja odzaza timanambala ting'onoting'ono, amene ambiri amawadumpha pothamangira zamasewero. Kampani iliyonse imachititsanso msonkhano waukulu pachaka, kumene ngakhale mwini masheya ochepa ali ndi ufulu woimika dzanja n'kufunsa akuluakulu.

Sankhani kampani imodzi imene katundu wake mumamuona ndi maso. Mwachitsanzo Illovo, imene imalima nzimbe ndi kupanga shuga ku Nchalo m'boma la Chikwawa ndi ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota. Shuga anthu amamufuna m'mawa uliwonse, ndipo si munthu wamba angadzuke n'kutsegula minda ndi fakitale zazikulu chotero. Koma nzimbe zimafuna madzi othirira, mapampu amafuna magetsi, ndipo chigwa cha Shire chimasefukira mvula ikachuluka. Mukasankha kampani ya mafoni, ganizirani kuti anthu amagula mayunitsi tsiku ndi tsiku, koma zipangizo za pansanja zimagulidwa kunja ndi madola ndipo zimakalamba msanga. Banki imapindula pobwereketsa ndalama pa chiwongoladzanja chokwera kuposa chimene imapereka kwa osungitsa, choncho funso lake ndi lakuti obwerekawo akubweza kapena ayi. Mahotela amadalira alendo, ndipo mu 2020, matenda a Covid-19 ataletsa maulendo, zipinda zinangokhala mbee padziko lonse. Bizinesi iliyonse ili ndi pamene imadyera ndi pamene imapwetekera.

Mukapeza tsamba la manambala, funani mizere iwiri: phindu la chaka msonkho utachotsedwa, ndi chuma chonse cha eni masheya. Aphunzitsi a masamu kapena achimwene anu akuthandizani kuipeza, popeza imalembedwa m'Chingerezi. Gawani phindu ndi chumacho, muchulukitse ndi 100, ndipo mudziwa kuti K100 iliyonse ya eni ake yabala zingati. Lembani m'kope. Chaka chimodzi chokha chimanamiza, pakuti mwina mvula inangogwa bwino. Muyerekeze ndi chaka chapitacho, chimene chimalembedwa pambali pomwepo, ndipo musunge tsambalo kudikira la chaka chamawa.

Pali msampha umodzi wa kwathu kuno umene muyenera kuudziwa. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zinthu inakwera m'mashopu monse. Pa nthawi ngati imeneyo pafupifupi kampani iliyonse imaonetsa manambala aakulu kuposa chaka chatha, chifukwa chakuti kwacha yachepa mphamvu basi. Apa m'pamene zimaoneka kuti ndani angathe kukweza mitengo makasitomala osathawa, ndipo ndani akungolipira zambiri pa mafuta, feteleza ndi zipangizo zakunja popanda kobwezera. Ndiye mukaona mutu wa nkhani wonena kuti phindu lakwera, funsani kuti lakwera kuposa mitengo ya pamsika kapena ayi. Ngati phindu lachoka pa K100 kufika K120, pamene katundu amene munkagula K100 tsopano ali pa K130, kampaniyo yabwerera m'mbuyo, ngakhale akuluakulu ake akumwetulira pachithunzi.